Ndani Anapha Rauta ya Ukwati wa Tahira

Foni ya mayi Sikina inandipeza ndikutokosa mphemvu m'wayilesi ya munthu. Linali Loweruka, nthawi ikuthamangira naini koloko, ndipo ndinali nditangotsegula kashopu kanga pa Chileka, pamene ndimakonzera mafoni, malaputopu ndi chilichonse chimene mwini wake wachimenya kale mbama n'kulephera.

"A Christobel, siyani zimene mukuchitazo mubwere. Kuno kwafa chinthu."

"Kalanga ine, pepani mayi. Ndani?"

"Sindinati ndani, ndati chinthu. Chothwanima chija. Ndipo mufulumire, a Greyson amanga kale munthu."

Mayi Sikina ndi akazi awo a Selemani, eni golosale yaikulu ya pa Lirangwe. Tsiku limenelo, thuu koloko masana, mwana wawo Tahira amamangitsa nikaha, ukwati wa Chisilamu. Vuto linali mkwati. Majid anali ku Joni chaka chachinayi, ndipo mapepala ake anali oti akangowoloka malire kubwera kuno, zobwerera aiwale. A shehe anati palibe kanthu, mnyamatayo asankhe womuimira. A Selemani anakana kwamtuwagalu. "Sindingapereke mwana wanga kwa munthu amene sindikumuona nkhope," anatero. Ndiye mabanja anagwirizana kuti ukwati umangidwe pa vidiyo, mboni zina kuno, zina ku Joni.

Chothwanimacho chinali rauta, kabokosi koyera kogawa intaneti, kamene Majid anatumiza pa basi. Ndinakakhazika ndine m'golosalemo, mlongoti wake padenga. Popanda iko panalibe ukwati. Kumbali imeneyo ya Lirangwe netiweki ya foni imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa bafa, ndipo a shehe ndi munthu wamkulu, wa mawondo odwala.

Ndinaponya laputopu ndi zida m'chikwama, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Tinadulira njira ya fumbi yotulukira ku Lunzu, ndipo pofika pa Lirangwe nsidze zanga zinali zofiira ngati za nkhalamba yofwenkha fodya.

Kuseri kwa golosale utsi unali tolotolo. Mbuzi ziwiri zinali kale m'miphika. Abale a mkwati ochokera ku Kuntaja anali atadzaza mabenchi pansi pa mtengo wa nimu, akuyang'ana uku ndi uku ngati anthu amene auzidwa kuti basi yawonongeka koma sanauzidwe kuti yawonongeka pati. Lolemba lake Ramadani imayamba. Ukwati ukalephereka tsiku limenelo, unali wodikira mpaka Idi itapita, ndipo mbuzi yophika siidikira.

A Selemani ali ndi khalidwe limodzi lodziwika Lirangwe yense. Chilichonse chawo amachidontheza penti wobiriwira, kuopa obwereka osabweza. Mabenchi, makireti, zidebe, loko wa pachitseko, zonse zili ndi kadontho kake. Ngakhale chingwe chimene anamangira Japhet pa mzati wa khonde chinali nako.

Japhet ndi wometa, amachita lendi kachipinda kogundana ndi golosaleyo. Anali atakhala pa kireti, manja kumbuyo, nkhope ngati ya munthu amene walumidwa ndi galu wa kwawo komwe. Pambali pake panaima a Greyson, mlonda wa golosale yemwenso ali m'komiti ya chitetezo cha m'dera, atavala chovala chonyezimira dzuwa likuswa mtengo, wenzulo ili pakhosi. A Greyson anayesa katatu kulowa upolisi, katatu konse anabwezedwa chifukwa chofupika. Chilankhulo chokha ndicho anabwera nacho.

"Imani pomwepo, mayi. Pano pachitika mlandu. Mtembo usakhudzidwe."

"Ndaitanidwa kudzaona mtembowo," ndinatero.

Anaganiza pang'ono. "Ngati ndinu dokotala, lowani."

* * *

Rauta inali pa shelefu pamene ndinaisiya, pakati pa sopo ndi mabatire. Kanyale kake kamayaka, kuphethira kawiri, kuzima, kenako kuyambiranso, ngati minibasi ya batire lofooka m'mawa wa mu Juni. A Selemani anaima kuseri kwa kauntala atavala mkanjo woyera wa ukwati, ndevu atazipesa bwino, akulankhula mokweza kuti a pakhonde amve.

"Ndi ameneyo! Chaka chatha anafunsira mwana wanga, anamukana. Kuyambira pamenepo ntchito n'kutsamira khoma langa ndi foni, kuyamwa intaneti ngati nkhupakupa. Lero waipha. Apite ku polisi, ndipo Lolemba ndione chipinda changa chili pululu."

"Analowa bwanji muno, bambo?"

"Zinthu za masiku ano zimafuna kulowa? Amatumiza matenda pa mphepo."

"Makiyi amasunga ndani?"

"Ine ndi Tahira. Koma ine chinthucho sindichikhudza. Ndikangochiyandikira, Tahira amandikalipira ngati ndaponda mwanapiye." Anasisita ndevu. "Ngati chakanika, a Christobel, musadzipweteke. Tidikira Idi ipite. Zonse amakonza ndi Mulungu."

Mawu omalizawo anawanena mopepuka kwambiri kwa munthu amene wangophetsa mbuzi ziwiri. Koma chisoni chimagwira anthu mosiyana, ndiye ndinangowasiya atuluke kukapepesa alendo.

Nditatsala ndekha ndinatsatira chingwe cha rauta mpaka pa soketi. Adaputa yake, kabokosi kakuda kolowa kumagetsi kaja, inkaoneka ngati yomwe ija. Koma nditainyamula inandipepukira m'manja. Ndinawerenga timalemba ta pamimba pake. Mavolti sikisi. Rauta imeneyo imadya thwelofu. Munthu wina anali atachotsa adaputa yake yeniyeni n'kuikapo ina ya mphuno yofanana, yongokwanira kuyatsa kanyale koma osati kudzutsa chinthucho. Akanangozula, aliyense akanabwezeretsa. Uyu ankafuna kuti anthu aone kuwala n'kunena kuti yadwala yokha.

Ndinaseka chamumtima. Ntchito ya mphindi imodzi. Ndinatulutsa adaputa yanga ya thwelofu m'chikwama, n'kulumikiza.

Kanyale kanayaka kofiira. Ndinadikira. Kanakhala kofiira, osaphethira, osasuntha, kungondiyang'ana.

Ndinazula, n'kubwezeretsa. Kofiira.

Pamenepo kuseka kunandithera. Wodwalayo anali ndi mabala awiri, ndipo lachiwirilo linali la m'mutu.

* * *

"Sisi Christo, inu mumandidziwa ine," anatero Japhet nditamukokera kireti pafupi. "Intaneti ndimaba, zimenezo sindikana. Pasiwedi ndinaiona Tahira ataimata pansi pa kauntala, ine ndikugula lezala. Ndiye tandiuzani, munthu angaphe ng'ombe imene akukama? Makasitomala anga amabwerera mpira wa pa foni yanga. Kumeta kumangokhala kowonjezera."

"Nanga za kufunsira zija?"

"Aaa, sisi, zakale zimenezo. Anandikana bwinobwino, mwaulemu, anandipatsanso Fanta. Ine mtima mbee."

"Kuyambira dzulo madzulo mpaka lero m'mawa unali kuti?"

Japhet anayang'ana a Greyson, kenako anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Kwinakwake."

"Mwamva nokha," anatero a Greyson. "Woganiziridwa akukana kugwirizana ndi kafukufuku."

"A Greyson, dokotala akumva ludzu," ndinatero.

Atangokhota pakona kukatunga madzi, Japhet ananong'ona mothamanga ngati wolengeza maliro pa wayilesi.

"Ndinali ku Mdeka, sisi. Kukaonekera kwa amalume ake a Phyllis, chibwenzi changa. Ndinagona komweko, ndabwera ndi minibasi yoyamba, seveni koloko. Kungotsika, chingwe. Tengani foni m'thumbamu muone."

Zithunzi zinalimodi. Japhet atagwada pa mphasa, atavala jekete yobwereka yofika m'mawondo. Japhet akumwa thobwa. Japhet akutsazika pa siteji ya Mdeka, nthawi yolembedwa pa chithunzi ili hafu pasiti sikisi m'mawa womwewo.

"Ndiye bwanji osangonena? Ukufuna ukagone m'chitokosi chifukwa cha manyazi?"

"Phyllis ndi mwana wa achimwene awo a mdala ameneyu," anatero, akuloza ndi mlomo kumene a Greyson analowera. "Banja lonse linagwirizana kuti iwowa amve pomaliza. Chibwenzi cha mkulu wake wa Phyllis anachithetsa ndi iwowa. Anamufufuza mnyamata wa eni miyezi itatu, mpaka anakafunsa aphunzitsi ake a Sitandade 2. Sisi, bola polisi."

* * *

Tahira ndinamupeza kuchipinda cha kuseri, atakhala pa mkeka, manja atamujambula maluwa a hina. Sankalira. Golosale ya a Selemani, kunena zoona, amayendetsa ndi iyeyu, ndipo si munthu wotaya misozi ntchito isanathe.

"Inasiya liti, mkwatibwi?"

"Dzulo madzulo inali bwinobwino, achemwali. Ndinalankhula ndi Majid tisanatseke. Anandiuza kuti rauta ikupempha pulogalamu yatsopano, kuti vidiyo isamadukeduke. Ndinaitchera kuti ilowetse yokha faifi koloko m'mawa, nthawi imene palibe woigwiritsa ntchito. Sikisi koloko ndikutsegula, ndinapeza ikuphethira chonchija."

Bala la m'mutu lija ndinalidziwa tsopano. Kuzula rauta ili mkati molowetsa pulogalamu kuli ngati kudzutsa munthu pa tebulo la opaleshoni madokotala asanamusoke. Yakale inali itafufutika, yatsopano isanakhazikike. Ndipo ntchito imeneyo imatenga mphindi zosapitirira khumi. Wakuphayo, mosadziwa, anali atandilembera nthawi imene anabwera: pakati pa faifi koloko ndi teni pasiti. Pa nthawi imeneyo Japhet anali akuliza mkonono ku Mdeka.

Ndinatulutsa adaputa yachilendo ija. "Iyi ukuidziwa?"

Anailandira ndi nsonga za zala kuopa kuwononga hina. Anaitembenuza, n'kuyang'ana kumsana kwake nthawi yaitali. Kenako anandibwezera.

"Achemwali, ingoikonzani rautayo," anatero, mawu atatsika. "Chonde."

Nditatuluka panja ndinaiyang'ana padzuwa. Kumsana kwake munthu anali atapala ndi mpeni, malo aakulu ngati chikhadabo. Anapala mosamala ndithu. Koma m'mphepete, mu kamzere kamene mpeni sungalowe, munatsalira kanthu kochepa ngati njere ya therere lobala.

Kobiriwira.

* * *

A Greyson anandipatsa madzi ataima njo.

"Usiku wathawu munali pa ntchito?"

"Mayi, ine kugona sindikudziwa. Kuyambira pamene anatseka mpaka sikisi koloko, palibe munthu aliyense amene anayandikira chitseko ichi."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale galu. Galu mmodzi anayesa, ndinamuchenjeza, anamvera."

"Nanga cha m'ma faifi, anthu akuchokera ku mzikiti?"

"Anadutsa mumsewu mwadongosolo. Palibe anapatuka."

"Ndiye kuti loko uyu sanatsegulidwe mpaka Tahira atabwera."

"Ayi, kutsegulidwa anatsegulidwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi abwana."

Ndinatsamwa ndi madzi aja. "A Greyson, mwangonena kumene kuti palibe munthu amene anayandikira."

"Ndipo ndikubwereza. Pa nkhani ya kafukufuku, mayi, abwana si munthu. Abwana ndi odandaula."

"Anati akufuna chiyani?"

"Shuga wa tiyi wa alendo. Analowa m'golosale, kenako anapita kuchipinda chosungira matumba, kenako anatuluka."

"Ndi shuga?"

A Greyson anayang'ana kumwamba, akufufuza m'mutu. "Shugayo anaiwala. Anthu akuluakulu amaganiza zambiri."

* * *

Kudziwa wakupha sikudzutsa wakufa. Nthawi inali itakwana thwelofu koloko, ndipo ndinkafunika pulogalamu ya rautayo kuchokera pa intaneti, pamalo pamene intaneti yake inali yomwe yafayo. Ndinakwinya siketi n'kukwera chulu chija, foni m'mwamba ngati ndikuitanira mvula.

Ndinakhala pamenepo mphindi makumi anayi. Netiweki imabwera, kundinunkhiza, n'kuthawa. Linthumbu linandipeza. Mayi wina wa ku Kuntaja anafunsa mnzake mokweza ngati ameneyo ndiye sing'anga amene aitana, mnzakeyo n'kuyankha kuti ayi, asing'anga savala magalasi. Pamene foni inati yamaliza, miyendo yanga inali itatupa ngati zigumu.

Ndinapempha mayi Sikina pini ya pa mpango wawo. Kenako ndinaitana a Selemani.

"Bambo, ndikufuna munthu wa dzanja losanjenjemera. Tilowe awiri, titseke chitseko."

Kuseri kwa rauta kuli kabowo kakang'ono, mkati mwake muli batani lobisika. Ukalidina ndi pini uku ukuyatsa magetsi, rauta imatsegula khomo la kuseri, n'kulola kuti uithire pulogalamu kudzera pa chingwe chochokera ku laputopu. Ndinalumikiza chingwecho, n'kuwapatsa a Selemani pini.

"Dinani apa. Musasiye mpaka nditanena. Mukasuntha, yapita mpaka kalekale, ndipo anthu onse adziwa kuti yafera m'manja mwanu."

Anawerama, mkanjo utakoka pamimba, n'kudina. Ndinayatsa. Kanyale kofiira kanayamba kuphethira pang'onopang'ono. Laputopu inaipeza rauta, ndipo pulogalamu inayamba kulowa.

Kunena chilungamo, batani limenelo limafuna masekondi khumi okha. Koma munthu wogwira pini sangathawe funso.

Ndinaika adaputa yopalidwa ija pa kauntala, pafupi ndi mphuno yawo.

"Sikelo yanu yamagetsi yogulira nandolo ili kuti masiku ano?"

"Ikupuma. Si nyengo yake."

"Adaputa yake ikupumanso?"

Thukuta linayamba kutsikira m'ndevu.

"Munapala bwino, bambo. Koma penti amene mumagula ndi wabwino kwambiri."

"Dzanja latopa, a Christobel."

"Musasunthe. Tili pa theka."

Panja ana ankathamangitsana, azimayi akuseka kumiphika. M'golosalemo munkangomveka kupuma kwa a Selemani. Pamene anayamba kulankhula, mawu okweza aja anali atapita.

"Sindinafune kuti chife. Ndinangofuna chidwale tsiku limodzi. Idi ikapita, mwina mnyamatayo akanatopa, mwina akanabwera yekha kuno, kaya. Sindinaganize mpaka kumapeto."

"Majid mukumuona cholakwa?"

"Majid alibe cholakwa. Ndi mwana wabwino, bambo ake tinkagula limodzi thonje." Anapukuta thukuta ndi phewa. "Inu munabwera kuno Abdulrahman atapita kale. Mwana wanga woyamba. Anakwera basi ya ku Joni pa msewu pomwepa, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Chaka choyamba ankaimba Lachisanu lililonse. Chachiwiri, pa Idi pokha. Kenako nambala inasiya kulira. Mpaka lero sitidziwa kaya tikhale pa maliro kaya tidikire. Mayi ake amaphikabe mbale yowonjezera pa Idi, amati ndi ya alendo. Tsopano Majid wanena kale kuti mapepala akalongosoka adzaitanitsa mkazi wake. Basi yomweyo, msewu womwewo. Ine nditsale ndi ndani? Ndi Greyson?"

Ndinayang'ana pa laputopu, ngakhale panalibe chachilendo choona.

"Nanga Japhet walakwa chiyani?" ndinafunsa patapita kanthawi.

"Ameneyo sindinamutchule ine poyamba. Greyson ndiye anamugwira. Ine nditaona kuti chingwe chamukhala, ndinangoti, basi." Anatseka maso. "Pamenepo ndiye ndachimwa kwenikweni. Ndikudziwa."

Chitseko chinatseguka osagogoda. Analowa mayi Sikina, manja ali mbuu ndi fumbi la mpunga, Tahira ali pambuyo pawo. M'dzanja mayi Sikina ananyamula kabokosi kakuda, adaputa yeniyeni ya rauta, chingwe chili lendelende.

"Abambo ake a Tahira," anatero modekha, "ndaphika mpunga zaka makumi atatu. Ndapezamo miyala. Ndapezamo anankafumbwe. Tsiku lina ndinapezamo msomali. Koma ichi ndi chatsopano. Chinali m'thumba lachiwiri, limene munati tisatsegule chifukwa loyamba likwanira."

A Selemani anafuna kuwongoka, anakumbukira pini, anakhalabe chowerama. Sindinaonepo munthu wamkulu akuzengedwa mlandu atapinda msana chotero.

Tahira anadutsa mayi ake n'kukagwada pafupi ndi kauntala, kuti nkhope yake iyang'anizane ndi ya bambo ake.

"Bambo, ine ndinadziwa a Christobel atangondionetsa adaputa ija. Sindikunamizani, tsiku likadzafika ndidzapita. Koma mukanandifunsa ine, osati kulimbana ndi kabokosi. Ine si achimwene. Ndani amakukumbutsani mapiritsi a shuga m'mawa uliwonse? Mukuganiza kuti ndidzasiya chifukwa cha malire? Ndidzakuimbirani mpaka mudzayambe kundibisalira. Ndipo ndikakafika kumeneko ndikawafunafuna achimwene ndi miyendo yanga, osati pa foni." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Koma kuimbako kumadzera m'kabokosi kamene mwaphako."

A Selemani anakayang'ana kabokosiko ngati akukaona koyamba.

"A Christobel," anatero, "chidzuka?"

"Siyani pini tione."

"Ndisiye? Sichifa?"

"Munayenera kusiya kalekale, bambo."

Anawongoka pang'onopang'ono, msana ukulira, n'kundiyang'ana. Anatsegula pakamwa, koma mayi Sikina anatsokomola, ndipo anatsekanso.

Kanyale kanazima. Tonse anayi tinasiya kupuma. Kanayaka koyera, kanaphethira, kanaphethiranso, kanaganiza nthawi yaitali ngati kalaliki wa boma. Kenako kanakhazikika, ndipo tinyale tinzake tinayaka motsatana. Ndinabwezeretsa dzina lake ndi pasiwedi yomwe ija ya pansi pa kauntala.

Pakhonde, m'thumba la munthu womangidwa manja, foni inayamba kulira mauthenga motsatizana ngati nkhuku yoikira.

Nthawi inali twente thu thuu.

* * *

A Selemani anatuluka okha. Anadutsa pakati pa alendo, n'kukaima pamaso pa Japhet.

"Greyson, masula munthuyu. Wolakwa wapezeka."

A Greyson anagwira wenzulo. "Ali kuti, bwana, ndimumange?"

"Ndi amene anakugulira chovala chonyezimiracho."

A Greyson anayang'ana chovala chawo. Anayang'ana abwana awo. Anthu a pa mabenchi anatchera makutu.

"Mlandu uno," analengeza pomaliza, "watsekedwa chifukwa chosowa umboni."

Mfundo za a Greyson zinakanika kumasuka, ndipo a Selemani anagwada okha ndi mkanjo wawo woyera pa fumbi, n'kumasula ndi mano. Atatha sanadzuke msanga.

"Mwanangu, ndakuchimwira pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu. Unalibe mlandu. Ndinachita ndine, ndi manja angawa. Chipinda ndi chako. Undikhululukire."

Japhet anasisita m'mikono mmene munadutsa chingwe. Ndinaona kuti mkwiyo unalipo ndithu, ndipo anali nawo ufulu. Anayang'ana mkulu wogwadayo kwa kanthawi, kenako anamugwira pa chigongono n'kumudzutsa.

"Dzukani, bambo, mukudetsa zovala. Zatha. Koma intaneti ija kuyambira lero ndizigwiritsa ntchito poyera, ndikhale pampando. Khoma lija landipweteka msana." Anatembenukira kwa a Greyson. "Nanunso zikomo, apongozi."

"Wati chiyani?"

"Ndati zikomo, achitetezo."

* * *

Thuu koloko itakwana, laputopu yanga inali pa tebulo pakhonde, atayala nsalu yoyera. A shehe anakhala kutsogolo kwake, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, ana atakwera m'mawindo. Majid anaonekera atavala mkanjo ndi kachisoti, ali m'kachipinda kopanikiza, pambali pake pali shehe wa kumeneko ndi anzake awiri. Mayi ake atamuona anayamba kulira, akudandaula kuti wawonda. Chithunzi chinali mbee, mawu omveka ngati munthu ali m'chipinda chinacho.

A shehe anawerenga mapemphero, analangiza, kenako anatembenukira kwa a Selemani.

"Inu monga bambo, mukumupereka mwana wanu Tahira kwa Majid kuti akhale mkazi wake?"

A Selemani anayang'ana mnyamata wa pa laputopu nthawi yaitali. Anayang'ana kumene kunakhala mwana wawo.

"Ndamupereka," anatero chapansipansi.

Mnzake wa Majid, amene anagwira foni ku Joniko, anaweramira kutsogolo. "Pepani bambo, kwadukiza. Mboni za kuno sizinamve."

A Selemani anakonza kukhosi. "Ndamupereka."

"Aaa, netiweki. Tangoona milomo yokha. Mubwereze, bambo, mokwezako."

Ndinasuzumira pa laputopu. Netiweki inali yodzaza mpaka m'khosi. Chithunzi sichinagwedezeke ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana m'golosale: tinyale tonse tili nga.

A Selemani anaimirira, anagwira tebulo ndi manja awiri, n'kuweramira pa laputopu mpaka ndevu zinadzaza chithunzi chonse.

"Ndati NDAMUPEREKA! Mwana wanga Tahira! Umusamale, wamva?"

Mawuwo anakafika mpaka pa siteji, kondakitala wina anatembenuka. Majid anayankha kuti wamulandira, ndipo nthungululu zinaphulika khonde lonse. A Selemani anakhala pansi, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta, a shehe akuwasisita paphewa.

Ine ndinali ndikufufuzabe vuto la netiweki lija. Ndinalipeza kumbali ya azimayi. Mayi Sikina anakhala mwaulemu, nkhope yosalakwa ngati ya mwana wakhanda, koma pansi pa mpango wawo panali kuwala kwa foni ya Tahira, uthenga wopita ku Joni udakali poyera.

Ndinasendera pafupi. "Mayi, ndi inu?"

Sananditembenukire n'komwe. Anangokonza mpango wawo, akuyang'ana amuna awo mwachikondi.

"Ndimafuna abwereze kasanu," ananong'ona. "Koma mpunga ukuzizira."